Sinowo wa pa Van Reenen: zimene dalaivala wa thiraki ayenera kudziwa asanakwere phiri

Funso: "Ndakhala ndikuyendetsa mathiraki pa njira za Beira ndi Nacala, koma tsopano abwana andisinthira ku njira ya Durban, ndipo ulendo woyamba ndinyamuka mu Juni. Anzanga ku depoti akundiopseza ndi phiri la Van Reenen, akuti kumagwa sinowo mpaka anthu kufera m'galimoto. Wina wandiuza kuti nditenge kambaula kothera m'kebini, wina akuti kabotolo ka mowa waukali n'kokwanira kutenthetsa thupi. Ine kuzizira kumene ndikukudziwa ndi kwa ku Dedza. Kodi n'zoona kapena akungondiseka? Nanga ndikonzekere bwanji?"

Yankho: Achimwene, za phirilo anzanuwo sakukunamizani. Koma mbaula ndi mowa akukulangizanizo zingakupheni msanga kuposa sinowo amene akukuopsezani nayeyo. Zimenezo ndifikako. Choyamba malowo muwadziwe, chifukwa munthu wa njira ya Beira amafika kumeneko ali ndi zizolowezi za kotentha.

Msewu wa N3 umachoka ku Durban, m'mbali mwa nyanja, n'kumakwera kudzera ku Pietermaritzburg, Mooi River ndi Estcourt. Mukadutsa geti yolipirira ya Tugela, chakufupi ndi Ladysmith, mapiri a Drakensberg amakhala akukuyang'anani. Van Reenen ndi pamene msewuwo umawolokera mapiriwo kuchoka ku KwaZulu-Natal kulowa ku Free State, kulunjika ku Harrismith, ndipo pamwamba pake ndi pafupifupi mamita 1,700 kuchokera pa nyanja. Kwa Mmalawi kutalika kumeneku si kodabwitsa: tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya Sapitwa ili pa 3,002. Chosiyana n'chakuti Van Reenen ili kutali kummwera, kufupi ndi kumene kumachokera mphepo yozizira ya m'nyanja zazikulu. Mphepo imene kwathu imafika itatopa kale, ife n'kumaitcha mwera kapena chiperoni, kumeneko imafika ukali wake wonse ukadalipo.

Pali kawerengedwe kamodzi koti musamakaiwale. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5. Ndiye ngati mwanyamuka ku doko la Durban kuli madigiri 18, mutavala malaya okha, pa Van Reenen mukapeza 7 kapena kucheperapo, ndipo pamenepo ndi masana, tsiku labwinobwino. Dzuwa likalowa mu Juni kapena Julayi, ku Harrismith kutsika pansi pa ziro ndi nkhani ya masiku onse. Madalaivala ambiri amapusitsidwa ndi nyengo ya kumene anyamukira.

Sinowo sagwa sabata iliyonse, ndipo pali zaka zina zimene msewuwo sutsekedwa n'komwe. Masiku ambiri a nyengo yozizira kumeneko amakhala ouma, kumwamba kuli mbee, usiku chisanu. Sinowo wambiri amabwera pamene mpweya wozizira kwambiri wadzipatula kumwamba n'kumazungulira pamalo amodzi, uku ukukoka chinyezi cha ku nyanja ya Indian n'kumachikankhira kumapiri. A zanyengo amautcha cut-off low, ndipo mawu amenewa mukawamva pa wailesi, tcherani khutu. Mpweya wotere suchedwa kuyambitsa zinthu koma umachedwa kuchoka. Nthawi zambiri kusanabwere kuzizira, kumunsi kumawomba mphepo yotentha ndi youma yochokera kumapiri, moti ku Durban kumatentha ngati si nyengo yozizira. Kutentha kwachilendoko musasangalale nako. Mphepo yomweyo ndi imene imafalitsa moto wolusa m'maudzu a m'mbali mwa msewu, utsi n'kuphimba njira, mawa lake kunja n'kusinthiratu.

Chimene chapangitsa kuti anzanu azikamba kwambiri za phirili ndi zimene zinachitika pa 20 ndi 21 Seputembala 2024. Taonani mweziwo: Seputembala, anthu atayamba kale kupinda mabulangete. Kunali kumayambiriro kwa tchuthi, tsiku la Heritage Day la pa 24 lili pafupi, msewu wodzaza ndi mabasi, maminibasi, magalimoto a mabanja ndi mathiraki. Nthambi ya zanyengo ya South African Weather Service inali itachenjeza kale. Sinowo anagwa usiku wa Lachisanu, magalimoto mazanamazana anaima pamzere wa makilomita ambiri pakati pa Harrismith ndi dera la Estcourt, ndipo anthu anagona pamsewu, ena mausiku awiri. Mayi wina wa zaka 39 amene anali m'minibasi anamwalira chifukwa cha kuzizidwa. Magiredala, alimi a m'derali ndi mathirakitala awo, komanso mabungwe othandiza monga Gift of the Givers anavutika kuti awafikire anthu, popeza msewu umene akanadutsa ndi womwewo unali utatsekedwa ndi magalimoto.

Pa nkhani imeneyi pali mfundo imene ndikufuna muigwire. Anthu aja sanavulazidwe ndi sinowo wowagwera pamutu. Anavutika chifukwa anaima maola ambiri pamalo ozizira alibe chofunda, alibe chakudya, mafuta akutha, foni itazima. Kukonzekera kwanu konse kukhale kwa usiku umodzi kapena uwiri woima pamalo amene simunasankhe, thandizo lisakubwera. Ndipo chiganizo chachikulu, choti mukwere kapena ayi, chimapangidwira kumunsi. Mukalowa pachikweza, thiraki ya ngolo ziwiri simungaitembenuze.

Machenjezo a South African Weather Service ali ndi mitundu itatu, wachikasu, wa orenji ndi wofiira, komanso manambala kuyambira 1 mpaka 10. Ine ndimati mukamva chenjezo la orenji la sinowo likutchula Drakensberg, kummawa kwa Free State kapena Lesotho, imani. Ngati mukuchokera ku Johannesburg, gonani ku Harrismith kapena musanafikeko. Ngati mukuchokera ku Durban, imani pamalo ogonera mathiraki cha ku Mooi River kapena Estcourt, ngakhale kuti nakonso sinowo amafika, koma pali chimbudzi, tiyi ndi anthu. Kampani imene imayang'anira chigawo chimenechi cha msewu, N3 Toll Concession, ili ndi nambala yaulere ya 0800 63 4357 yofunsirapo mmene msewu ulili komanso yoitanira thandizo. Ilembeni papepala, osati m'foni mokha. Nambala ya 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja ku South Africa.

Musanyengedwe ndi mapu a pafoni akamakuonetsani njira yachidule. Msewu wa R74 wodzera pa Oliviershoek umawoloka mapiri omwewo, ndi wopapatiza, ndipo magiredala amayamba ayeretsa N3 asanaganize za kumeneko. Wa N11 wodzera ku Newcastle ndi Volksrust nawo uli ndi chikweza chake, ndipo mphepo imene yatseka Van Reenen imakhala yafikanso kumeneko. Kutitimira pa N3 muli pakati pa anthu mazana n'kwabwinoko kusiyana ndi kutitimira nokha pa msewu umene palibe akudziwa kuti mulipo. Mukadzatumidwa ku Lesotho, kumene misewu ina monga ya ku Mokhotlong imapitirira mamita 3,000, zonse ndikunenazi muzichulukitse.

Tsopano za kayendetsedwe. Sinowo amaoneka, ndipo aliyense akamuona amachepetsa liwiro. Choopsa kwambiri ndi madzi oundana opyapyala amene amamatirira pa phula osaoneka, amene madalaivala amati black ice. Amapangika pamene mvula, nkhungu kapena sinowo wosungunuka masana waundana usiku, ndipo amakonda mbandakucha. Amayambira pa milatho, chifukwa mlatho umazizira pamwamba ndi pansi pomwe, kenako pamakona amene dzuwa silifika ndi m'zigwa. Zizindikiro zake zilipo kwa munthu watcheru. Msewu ukuoneka wonyowa koma matayala a galimoto yakutsogolo sakuthovutsa madzi. Phokoso la matayala anu lazilala mwadzidzidzi. Chiwongolero chapepuka m'manja. Kuseri kwa magalasi oonera kumbuyo kwayamba kumera madzi oundana. Kachipangizo koyezera kutentha kwa panja kakamaonetsa madigiri 3 kapena kutsika, yendani ngati madziwo alipo kale, popeza phula limatha kuzizira kuposa mpweya umene kachipangizoko kakuyeza.

Pamalo oterera chonchi, mtunda woti muime ungachuluke mpaka kakhumi poyerekeza ndi pa msewu wouma. Ndipo apa pali chinthu chimene chimasemphana ndi zonse zimene munaphunzira potsika Zalewa kapena mapiri a ku Tete. Pa mtsetse wouma timati gwiritsani ntchito retarder, chipangizo chochepetsa liwiro osaponda buleki ya phazi, kapena buleki ya injini kuti mabuleki asapse. Pa madzi oundana, retarder imagwira matayala okoka okha, matayalawo n'kuterereka pamene ngolo ikukankhabe kumbuyo, thiraki n'kupindika pakati. Choncho poterera izimitseni, zimitsaninso cruise control, ija yosunga liwiro yokha, sankhani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, ndipo liwiro likhale laling'ono moti buleki ya phazi yoponda mofatsa ikukwanira. Osasintha giya pakona, osaponda buleki pakona. Mukamanyamuka pamalo oterera, nyamukani ndi giya yokwererapo ndi mafuta ochepa. Diff lock, ija yomanga matayala okoka kuti azizungulira pamodzi, ndi yongokuthandizani kuchoka pamene mwatitimira, powongoka, mukangoyenda ichotseni. Matcheni a matayala amene mumawaona pa mathiraki a ku Ulaya, kuno ambiri sayenda nawo, ndipo matayala athu ndi a msewu wotentha. N'chifukwa chake thiraki imodzi ikalephera chikweza n'kupingasa, msewu wonse umatsekeka.

Thiraki yopanda katundu ndiyo yovuta kwambiri. Matayala ake sagwira pansi mokwanira, ndiponso Van Reenen ndi malo a mphepo; sikuti dzina la Windy Corner pamwamba paja analipereka mwamasewera. Ngolo ya matenti m'mbali kapena kontena yopanda kanthu imagubuduzidwa ndi mphepo ngakhale tsiku lopanda sinowo. Nkhungu nayo imatsika mofulumira. Mukalephera kuona, musaime pakati pa msewu kapena pakona. Pitani pang'onopang'ono mpaka pamalo otakasuka, yatsani mahazadi mukaima, ndipo nyale zikhale zotsika chifukwa zowala kwambiri zimangobwerera m'maso mwanu.

Galimotoyo iyeneranso kukonzedwa musanachoke ku depoti, ndipo apa mulimbane ndi amakaniko ngakhale akuoneni ovuta. Kwathu tinazolowera kuthira madzi a pampopi mu radiyeta. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu yake imang'amba radiyeta ngakhale buloko ya injini. Pamafunika antifreeze wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, amene saundana mpaka kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro. Mafuta a dizilo ali ndi phula longa la kandulo mkati mwake, ndipo kukazizira kwambiri phulalo limayamba kugwirana ngati mafuta a nkhumba otsala m'poto m'mawa, n'kutseka sefa, injini n'kuzima tanki ili yodzaza. Mafuta ogulitsidwa ku South Africa m'miyezi yozizira amakonzedwa kuti apirire kuzizirako kuposa amene mwathira ku Tete kapena ku Blantyre, ndiye kwerani phiri ndi mafuta a komweko, tanki isachepere theka. Chotsani madzi mu sefa ya mafuta. Tsegulani matanki a mpweya wa mabuleki tsiku lililonse kuti chinyezi chituluke, chifukwa chikaundana m'mapaipi mabuleki amakana kugwira kapena kumasuka. Mabatire okalamba amene amathabe kuliza injini ku Nsanje angakukaneni ku Harrismith, popeza pa ziro amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zawo. Ndipo yesani hita ya m'kebini. Mathiraki ambiri a njira zotentha hita inafa kalekale, ena anachita kuidula mapaipi, palibe anadandaula. Popanda hita simungachotse nthunzi ndi madzi oundana pa galasi lakutsogolo, ndiye kuti simukuona.

Tinene kuti zonse mwachita koma mwatsekeredwa ndithu. Lamulo loyamba: musaisiye thiraki n'kuyamba kuyenda wapansi kukafuna thandizo, pokhapokha nyumba kapena filingi siteshoni ikuoneka ndi maso pafupi. Sinowo akamagwa ndi mphepo, pansi ndi kumwamba zimafanana, munthu amasochera pa mtunda wa mamita ochepa, ndipo kuyenda mu sinowo wofika m'mawondo kumatopetsa ndi kunyowetsa. Kebini imakutetezani ku mphepo, ndiponso opulumutsa anthu amafufuza magalimoto, safufuza m'tchire. Uzani a ku ofesi ndi a kunyumba pamene muli. M'mbali mwa N3 muli tizikwangwani tabuluu tolembedwa nambala ya chigawo cha msewu ndi makilomita. Werengani kamene kali pafupi, ndiko adzakufunseni mukaimba. Mukatero sungani moto wa foni, ndipo foniyo muiike m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, chifukwa kuzizira kumamaliza batire.

Injini muziiliza mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa ola lililonse kuti kebini ifunde, kenako n'kuzimitsa. Thiraki yongolira pamalo imamwa malita 2 mpaka 4 pa ola, ndiye amene ali ndi mafuta ambiri angathe kuiliza nthawi yotalikirapo, koma vuto si mafuta okha. Musanalize, tsikani mukaone ngati paipi ya utsi sinatsekedwe ndi sinowo, makamaka ngati ili pansi, ndipo windo la mbali imene sikuchokera mphepo likhale lotsekula pang'ono. Musagone injini ikulira.

Apa ndi pamene pakubwera mbaula ija. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwenso umatuluka mu utsi wa injini. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsamwitsa. Umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kopitirira ka 200, moti magazi amazungulira koma osanyamula chimene ubongo ukufuna. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo tokoma, ndipo amaganiza kuti ndi kutopa kwa ulendo. Chaka chilichonse m'nyengo yozizira ku South Africa anthu amapezeka atafa m'zipinda zimene anagona ndi mbaula, ndipo kwathu komwe nkhani zotere timazimva mu Juni. Kebini ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse. Mu Januwale 2022, ku Murree m'mapiri a ku Pakistan, anthu oposa 20 anafera m'magalimoto awo atatsekeredwa ndi sinowo usiku umodzi, ndipo ena mwa iwo akuganiziridwa kuti anaphedwa ndi mpweya umenewu atatseka mawindo injini zikulira. Kasitovu ka gasi kapena ka parafini nakonso n'chimodzimodzi. Ngati mukufuna kuwiritsa madzi, chitirani panja, kumbali yobisika ku mphepo, kutali ndi matanki a mafuta. Hita yokhayo yogona nayo ndi ija yoikidwa ndi akatswiri, imene utsi wake umatulukira kunja. Ndiponso pamzere wa mathiraki oima mothinana, utsi wa mnzanu wakutsogolo ungakulowereni. Mukamva mutu inu ndi wothandizira wanu nthawi imodzi, tulukani kaye mupume.

Za mowa, ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaukhulupirira: ukangomwa umamvadi kutentha. Chimene chimachitika n'chakuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda a mkati n'kuthamangira kunja kumene amakazizira. Khungu limamva kufunda pamene mtima ndi ziwalo za mkati zikuzizira. Umachepetsanso kunjenjemera, kumene ndi njira ya thupi yodzitenthetsera, ndipo umagonetsa munthu pa nthawi imene afunika kukhala maso. Osanenanso kuti msewu ukatsegulidwa apolisi amakhala pomwepo.

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito pa madigiri 37. Likatsika pansi pa 35, madokotala amati hypothermia, ndipo sipafunika sinowo kuti zimenezi zichitike. Mu Julayi 2009 mlendo wina wachinyamata wa ku Brazil anafera pa phiri la Mulanje nyengo itamusinthira ali cha ku Sapitwa atavala zopepuka. Zinthu zitatu zikakumana, kuzizira, mphepo ndi kunyowa, munthu amatha msanga. Pa madigiri 0, mphepo ya makilomita 40 pa ola imachotsa kutentha m'thupi ngati kuli madigiri 7 pansi pa ziro. Madzi amakoka kutentha mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20. Choncho dalaivala amene watsika kukafosholera matayala atavala jinzi ndi juzi ya thonje, n'kutuluka thukuta, n'kubwerera m'kebini ali chinyowere, ali pangozi kuposa amene anangokhala phee. Thonje likanyowa silisunga kutentha. Ubweya umasungabe ngakhale utanyowa, ndipo abusa a ziweto a ku Lesotho amene amakhala m'mapiri amenewa nyengo yonse yozizira sayenda opanda bulangete laubweya ndi chipewa chophimba nkhope. Valani zovala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi, kuti muzitha kuchotsako mukamagwira ntchito, ndipo pamwamba pakhale chosalowa madzi ndi mphepo. Mukanyowa, sinthani nthawi yomweyo.

Zizindikiro zake muzidziwe, chifukwa wodwalayo sadzizindikira. Poyamba amanjenjemera kwambiri, zala zimakanika kumanga batani kapena kugwira kiyi. Kenako amayankhula mokoka lilime, amapunthwa, amakwiya kapena kungoti zii osalabadira kanthu, ndipo anthu amamuyesa woledzera. Thupi likafika cha pa madigiri 32 kunjenjemera kumasiya. Munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera asanafundidwe, sikuti wachira, zafika poipa. Ena pamenepo amayamba kuvula zovala akuti akumva kutentha. Mukamupeza wotere, mwina m'minibasi imene yaima pafupi nanu, mulowetseni m'kebini momunyamula mofatsa atagona, chifukwa mtima wozizira ungaime ndi kugwedezedwa. Muvuleni zonyowa, mufunditseni thupi lonse ndi mutu womwe, ndipo ikani mabotolo a madzi ofunda okulunga m'nsalu m'khwapa ndi pachifuwa. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuyandikize pamoto. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni tiyi wofunda wa shuga wambiri. Ngati akusinza, musamumwetse kanthu. Akaoneka ngati watsirizika, musafulumire kumuphimba nkhope: munthu wozizidwa kwambiri amapuma motalikiratalikira ndipo mtima umagunda mosamveka, moti achipatala sanena kuti wamwalira asanamutenthetse. Imbani 112. Ana aang'ono, okalamba ndi odwala ndiwo amayamba kugonja, ndipo kebini ya thiraki yokhala ndi bedi ndi mafuta ambiri nthawi zambiri ndiyo malo ofunda kuposa onse pamzerepo. Inu madalaivala mumatha kupulumutsa anthu ambulansi isanafike.

Zala za m'manja, za kumapazi, makutu ndi mphuno zimatha kuundana pazokha: zimachita dzanzi, khungu limatuwa n'kulimba. Osazitikita, osazipaka sinowo, osaziwotcha pa paipi ya utsi popeza simungamve kuti mukupsa. Ziikeni m'khwapa kapena m'madzi ofunda pang'ono, a madigiri 37 mpaka 39, amene chigongono chikuwapirira bwinobwino. Pogwira zitsulo ndi mafuta a dizilo panja valani magolovesi.

Katundu woti mutenge si wodula, ndipo wambiri mumupeza pa kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe musananyamuke: mabulangete awiri okhuthala, chipewa chaubweya, magolovesi, masokosi ochuluka, jombo zosalowa madzi, jekete ya mvula, ndi zovala zosinthira zomangidwa m'pulasitiki. Onjezani tochi, power bank yodzaza, fosholo yaifupi, fulasiki, ndi madzi akumwa osachepera malita asanu osungidwa m'kebini, osati m'bokosi la panja kumene angaundane. Chakudya chikhale chosafuna kuphika ndi chopatsa mphamvu: mtedza, chiponde, buledi, mabisiketi, nsomba za m'chitini, shuga. Thupi limatentha ndi chakudya, ndipo munthu wanjala amazizidwa msanga. Sinowo musamudye kuti muphe ludzu, amakuziziritsani mkati, musungunuleni kaye. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, mukhale ndi a masiku angapo apadera pamalo ofikirika. Magalasi a dzuwa nawo ndi ofunika, chifukwa kukacha dzuwa likawala pa sinowo maso amapweteka mpaka kulephera kuyendetsa.

Ndikudziwa kuti chovuta kwa inu si kudziwa zonsezi ayi, koma foni ya abwana yofunsa chifukwa chimene thiraki yaima pamene sitima ku doko sidikira. Musakangane nawo pakamwa. Atumizireni pa WhatsApp chenjezo la zanyengo ndi uthenga wa oyang'anira msewu, lembani nthawi ndi malo amene mwaima, ndipo nenani kuti munyamuka msewu ukalengezedwa kuti uli bwino. Bwana wanzeru amadziwa mtengo wa thiraki yogubuduzika ndi katundu wake, ndipo a inshuwalansi amafunsa ngati panali chenjezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Sinowo wa ku South Africa sakhalitsa pamsewu, kawirikawiri tsiku limodzi kapena awiri njira imatseguka.

Ikatseguka musathamangire kukhala woyamba. Maola amenewo ndi oipa: madalaivala sanagone, aliyense akufuna kubweza nthawi, magalimoto osiyidwa akadali m'mbali mwa msewu, ndipo sinowo amene wasungunuka masana amayenderera pa phula n'kuundananso dzuwa likangolowa. Musananyamuke chotsani sinowo padenga la kebini, pa ngolo, pa nyale ndi pa magalasi, chifukwa chibuma chogwa kuchokera pamwamba pa ngolo chimaswa galasi la wakumbuyo. Dikirani mpweya wa mabuleki udzaze, kenako sunthani pang'ono n'kutsika kukaona ngati matayala onse a ngolo akuzungulira. Mabuleki oimikira atanyowa amamatirira usiku, ndipo tayala lokwakwalazidwa limaphulika patsogolo. Ngati mungathe kusankha nthawi, wolokani Van Reenen pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, dzuwa litafika pamakona onse.